NZERU ZA KU BUNDA ZIFIKE PA MAKOMO ATHU

Ambiri a ife okhala mu Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona timadziwa dzina la Bunda chifukwa cha zinthu ziwiri: phiri lija la mwala limene lili kufupi ndi Mitundu, ndi sukulu ya ukachenjede kumene mwana wa mnansi wathu anasankhidwa kukaphunzira. Koma wina atatifunsa kuti, kodi pa sukulu imeneyo amachitapo chiyani kuonjezera pa kulemba mayeso, ambiri a ife tikhoza kungoyang'anana. M'nkhani ino tifuna kufotokozera makolo ndi achinyamata zina mwa ntchito zimene zakhala zikuchitika kumeneko zosamalira nthaka, madzi, nsomba ndi mitengo, pamene ntchitozo zafika, ndi pamene zatsalira. Tifunanso kuonetsa kuti ntchito zimenezi si za anthu ophunzira okha ai, pakuti zikhudza mpopi umene timatungapo madzi ndi mbaula imene timaphikapo nsima.

Masiku ano akatswiri amanena kawirikawiri za chitukuko chokhalitsa, ndiko kuti kugwiritsa ntchito zachilengedwe mwa njira yakuti zisathe. Mauwo ndi atsopano, koma nzeru yake makolo athu anali nayo kale. Ngakhale njala ivute chotani, mai wanzeru sankakazinga mbeu imene anaipachika pa tsindwi la khitchini, chifukwa ankadziwa kuti banja lodya mbeu ladya chaka chamawa. Nkhalango, mitsinje ndi chonde cha m'nthaka ndizo mbeu ya mtundu wonse, ndipo funso lili pamaso pathu ndi lakuti, kodi ife a mumzinda sitinayambe kale kuikazinga?

SUKULU IMENE TIKUNENA

Koleji ya zaulimi ya Bunda ili pa mtunda wa makilomita oposa 30 kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inali kale nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo kwa zaka zoposa 40 inaphunzitsa alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi akatswiri amene anatumikira m'maboma onse a dziko lino. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa yunivesite yoima payokha ya zaulimi ndi zachilengedwe, yotchedwa LUANAR, imene inayamba ntchito yake mu 2012. Mu 2014 koleji ya NRC, imene ili kumadzulo kwa mzinda mopatukira mseu wa ku Mchinji, inalowanso m'yunivesite yomweyo. Chotero mzinda wathu uli ndi masukulu awiri otere pafupi, ina kumwera ndi ina kumadzulo, ndipo kufupi ndi NRC kulinso malo a boma ofufuzira zaulimi a Chitedze.

Kusiyana kwa sukulu yotere ndi masukulu ena n'kwakuti kalasi yake yaikulu ili panja. Kuli minda yoyeserapo mbeu, makola a ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, maiwe a nsomba, nazale za mitengo ndi zipinda zoyezeramo dothi ndi madzi. Mu 2013 yunivesiteyi inayamba ntchito yaikulu yotchedwa CABMACC, ndi thandizo la dziko la Norway, yophunzitsa ndi kufufuza njira zimene alimi angapirire nazo kusintha kwa nyengo. Koma tisanafotokoze zimene zapezeka kumeneko, tiyenera kuyamba taona vuto limene lili pa makomo athu, pakuti mankhwala amamveka bwino kwa iye amene wazindikira nthenda yake.

NTHENDA YA MZINDA WATHU

Pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe kuchokera ku Zomba mu 1975, mzindawu unali waung'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo chiwerengerocho chakhala chikukwerabe. Anthu onsewa amamwa madzi ochokera makamaka mu mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 99,000, inatetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1922. Madzi ake amasungidwa ku Malingunde m'madamu awiri, Kamuzu woyamba wa mu 1966 ndi Kamuzu wachiwiri wa mu 1989, asanayeretsedwe ndi kutumizidwa m'mipopi ndi m'makiyosiki athu.

Tsono nkhalango yomweyo ndiyo yakhala ikutipatsanso makala. Pofika 2018, pafupifupi mabanja atatu mwa anai alionse a m'mizinda ya dziko lino ankaphikira makala. Uvuni wa dothi umene ootcha makala amagwiritsa ntchito umadya nkhuni zambiri: kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala pamafunika makilogalamu asanu a mtengo kapena kuposa pamenepo. Mitengo ya mombo, tsamba, muwanga ndi msuku, imene inatenga zaka makumi kuti ikule, imatha m'masiku owerengeka. Zinthu zinafika poipa kotero kuti mu 2015 boma linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera Dzalanyama. Sitiyenera kufulumira kuloza chala munthu wosauka amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kudzera ku Likuni kufikira ku Chinsapo. Nkhwangwa imene imagwetsa mtengo imagwidwa ndi dzanja la wa kumudzi, koma ndalama yoinolera imachokera m'matumba athu.

Kodi mtengo ndi mpopi zigwirizana bwanji? Pamene mvula igwa pa nkhalango, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, ndipo zinyalala zowola ndi mizu zimatsegula njira kuti madzi alowe pansi. Madzi amenewo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, nadyetsa mtsinje mu Okutobala ndi Novembala pamene kumwamba kuli mbee. Phiri likametedwa, madzi onse amatsika tsiku limodzi atanyamula dothi, matope nadzaza m'damu, malo osungira madzi nachepa, ndipo madzi amatope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere. Ambiri tikukumbukira chaka cha 2016, pamene chilala chinachititsa kuti madzi azigawidwa mosinthana m'madera a mzinda uno, amai ndi atsikana nalawirira m'bandakucha kukandanda ndowa pa kiyosiki.

Mkati mwa mzinda namonso tadula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, takumba mchenga, tamanga nyumba m'madambo ndi kutseka ngalande ndi mapepala apulasitiki. Mu 2017 madzi osefukira anaononga nyumba ku Mtandire mu Febuluwale, ndi ku Kawale, Biwi ndi Chipasula mu Disembala, ndipo miyoyo inatayika. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Zonsezi ndi nthambi za mtengo umodzi.

KUBWEZERA CHONDE M'NTHAKA

Ntchito ya ku Bunda imene yapita patsogolo koposa ndi ya nthaka. Kafukufuku anaonetsa kuti mu 2014 dziko lathu linkataya matani 29 a dothi lapamwamba pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi lotsala limafuna feteleza wambiri, pamene mtengo wa feteleza wathawa anthu: thumba la makilogalamu 50, limene mu 2020 linkagulidwa pafupifupi K20,000, linapitirira K100,000 pofika 2025, chifukwa cha nkhondo ya Russia ndi Ukraine imene inayamba mu 2022 ndiponso kugwa mphamvu kwa kwacha. Ife a m'tauni zimenezi zimatikhudza kawiri, pakuti ambiri tili ndi kamunda ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Mpingu, ndipo amene alibe munda amagula chimanga pa mtengo umene feteleza walamula.

Kwa zaka zambiri akatswiri a ku Bunda, mmodzi mwa iwo Pulofesa George Kanyama-Phiri, amene pambuyo pake anatsogolera LUANAR m'zaka zake zoyamba, anafufuza pamodzi ndi alimi ndi anzao a kunja za mbeu za mtundu wa nyemba. Mbeu zimenezi zili ndi timatuza ku mizu yake, m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga chakudya cha mbeu mu mpweya ndi kuchiika m'nthaka. Chakudya chimenecho ndi chomwe timagula m'thumba la yureya. Njira imodzi imene inatuluka m'kafukufukuyo ndi yobzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, kotero sapikisana ndi mtedza. Mtedza ukakumbidwa, nandolo amapitiriza kukula ndi mizu yake yozama, nayoyola masamba amene amaphimba nthaka. Chaka chotsatira mlimi amabzala chimanga pamalo pomwepo. Lipoti limene linasindikizidwa mu 2010, lochokera m'minda ya alimi ambiri a m'Malawi, linaonetsa kuti kasinthasintha wotere ndi theka chabe la feteleza anabala chakudya chofanana ndi cha munda wa chimanga chokhachokha, ndiponso kuti zokolola sizinkasinthasintha kwambiri chaka ndi chaka.

Njira imeneyi inayesedwanso ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, kuyambira mu 2000, pamene ogwira ntchito pa chipatala cha mishoni anaona kuti ana ambiri ogonekedwa anali onyentchera, nayamba kugwira ntchito ndi alimi a m'midzi yozungulira. M'midzi imene inalimbikira kulima ndi kudya mbeu za mtundu wa nyemba, kakulidwe ka ana kanasintha. Kale nandolo ankayesedwa mbeu ya kumwera kokha, koma tsopano pali mtundu wotchedwa Mwaiwathualimi umene umacha msanga ndipo umachita bwino m'chigawo chapakati. Mitengo yake ikauma imakhalanso nkhuni zabwino. Vuto limene latsala si la sayansi ai, koma la mudzi: kuno kwathu mbuzi zimamasulidwa chimanga chikangokololedwa, pamene nandolo akadali m'munda. Pokhapokha mafumu ndi anthu ao atapangana za ziweto, nzeru ya pulofesa imathera m'mimba mwa mbuzi.

Pali mitengo inanso imene ophunzira a zaulimi ndi zankhalango amaidziwa bwino. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, kotero suchititsa mthunzi pa chimanga, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Gilisidiya ndi ombwe nazonso zimabwezera chonde. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020, bungwe la Centre for Agricultural Transformation linatsegula minda yachionetsero pa malo a yunivesiteyi, kuti alimi amene adalira fodya zaka zonse adzaone ndi maso ao mbeu zina monga soya ndi mtedza wamakono, ndi njira zothirira mosataya madzi.

MAIWE A NSOMBA

Akuluakulu a zaka zathu akukumbukira nthawi imene chambo chinali ndiwo ya munthu wamba. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka; pofika zaka za m'ma 2000 mlingo umenewu unali utatsika ndi theka kapena kuposa, chifukwa anthu anachuluka pamene chambo m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe chinkachepa ndi kuphedwa kopitirira muyeso. Lero m'misika ya Kawale ndi Area 25 ambiri timangofika pa mulu wa bonya.

Ku Bunda kuli gawo la maphunziro a ulimi wa nsomba limene linakula ndi thandizo la maiko a Japan ndi Iceland. Mu 2016 gawolo linasankhidwa, pansi pa ndondomeko ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, kukhala likulu la maphunziro apamwamba a za nsomba m'chigawo chino cha Africa, lotchedwa AquaFish. Linatsogoleredwa ndi Pulofesa Emmanuel Kaunda, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa yunivesite yonse, ndipo lalandira ophunzira ochokera m'maiko ena a mu Africa. M'maiwe a kumeneko amaweta ndi kufufuza nsomba zathu zomwe: makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Mafunso ao ndi omwe mlimi wa dziwe amafunsa: tipeze kuti tiana ta nsomba tabwino, tizidyetse chiyani chotsika mtengo, ndipo tichite chiyani kuti zikule msanga?

Phunziro lokoma la dziwe ndi lakuti palibe chotayika. Zitosi za nkhuku zikathiridwa m'dziwe zimameretsa ndere zing'onozing'ono zimene nsomba zimadya. Gaga wa kuchigayo amaonjezera chakudya. Madzi a m'dziwe amathirira ndiwo zamasamba. Matope a pansi akachotsedwa amakhala manyowa. Ndipo masamba otsala a m'dimba amabwerera kwa nsomba ndi nkhuku. Sitinena kuti banja la pa puloti yaing'ono ya ku Mgona likumbe dziwe. Tikunena kuti lamulo lomwelo, lakuti chotsala cha ntchito ina chikhale chakudya cha inzake, likhoza kugwira ntchito ngakhale kuseri kwa nyumba ya lendi.

ZINYALALA ZOSANDUKA CHUMA

Gawo lalikulu la zinyalala za mumzinda muno ndi zinthu zowola: makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, zikonyo ndi zotsala za m'mbale. Zochepa zokha zimafika ku dzala lalikulu la ku Area 38. Zambiri zimaunjikana kuseri kwa misika ndi m'mitsinje. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020 akatswiri a ku Bunda, mogwirizana ndi bungwe lofufuza la MwAPATA, anayesa kuweta mtundu wina wa ntchentche yakuda yooneka ngati mavu. Owerenga asanyansidwe msanga. Ntchentche imeneyi si ija ya kuchimbudzi. Siluma, ndipo ikakula sitera pa chakudya cha anthu. Mphutsi zake zimadya zinyalala zowola mwaliwiro, ndipo pakatha pafupifupi milungu iwiri zimakhala zonenepa, zodzala ndi chakudya chomanga thupi chokwana pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse zikaumitsidwa. Zimadyetsedwa kwa nkhuku, nkhumba ndi nsomba m'malo mwa soya ndi usipa, zimene anthu tikuzifunanso, ndipo zotsala zake ndi manyowa abwino. Amene amaweta nkhuku mu Area 23 adziwa kuti chimene chimadya phindu lonse ndi thumba la chakudya.

Ku Mgona, kumene kuli msika wodziwika wa mtedza, makoko amapezeka ochuluka. Makoko otere, pamodzi ndi utuchi, zikonyo ndi fumbi la makala limene limasesedwa pa malo ogulitsira, akhoza kupsererezedwa, kusinjidwa, kusakanizidwa ndi phala la ufa wa chinangwa ndi kuumbidwa kukhala makala oumba. Magulu ena a achinyamata ndi amai ayamba kale malonda amenewa m'mizinda yathu. Thumba lililonse la makala otere ndi mtengo umodzi wa ku Dzalanyama umene wapulumuka.

PAMENE NTCHITO YATSALIRA

Tikanangoyamika, tikananama. Choyamba, ntchito zambiri za mtundu umenewu zimayenda ndi ndalama za maiko akunja, zimene zimaperekedwa kwa zaka zisanu kapena zocheperapo. Nyengoyo ikatha, si zonse zimene zimapitirira. Chachiwiri, zotsatira za kafukufuku zimalembedwa m'Chingerezi chovuta, m'mabuku amene mlimi wa ku Malingunde ndi mai wa ku Biwi sadzawaona. Chachitatu, mlangizi wa zaulimi, amene ndiye mlatho pakati pa sukulu ndi munda, nthawi zambiri amatumikira mabanja oposa 1,500, ndipo m'tauni ambiri a ife sitinamuonepo. Chachinai, njira zina zimafuna mphamvu ndi kudikira: msangu sukula chaka chimodzi, ndipo wa njala ya lero savomera msanga za phindu la zaka zisanu zikudzazo.

Pali chinanso chimene yunivesite payokha singathe kuchikonza. Banja silingasiye makala ngati lilibe china chophikira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka ngakhale mabanja okhala ndi magetsi anabwerera ku mbaula. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba mu 2021, ndi a ku Golomoti a mamegawati 20 a mu 2022, aonetsa njira yabwino, komabe ulendo ukadali wautali. Malamulo nawo alipo: la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo loletsa mapepala apulasitiki opyapyala linalembedwa mu 2015, ngakhale linakhala zaka zambiri likukokedwa m'makhoti. Mai Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya dziko lonse ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbikira nkhondo imeneyi. Koma lamulo silisesa pakhomo pa munthu.

GAWO LA MAKOLO

Mutu umodzi susenza denga. Ngati nzeru za ku Bunda zidzafika pa makomo athu, tiyenera kuzichingamira ife tomwe, ndipo poyambira ndi pa zinthu zazing'ono zimene sizifuna chilolezo cha wina aliyense.

Tiyambe ndi moto. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga. Mphika wovundikira umasunga kutentha. Makala otsala akhoza kuzimitsidwa ndi kusungidwa m'malo mowasiya anyeke okha. Ophikira nkhuni ayese chitetezo mbaula, ija ya dothi, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu ndipo imachepetsa utsi umene umadwalitsa amai ndi makanda. Amene angathe kugula gasi kapena makala oumba achite chotero, ngakhale pa zophika zina zokha.

Kachiwiri, tilekanitse zinyalala. Zowola zipite m'dzenje limodzi kapena m'thumba, zisanduke manyowa. Mapulasitiki ndi mabotolo apite padera, osati m'ngalande. Popita ku msika titenge dengu kapena chikwama monga ankachitira amai athu. Manyowawo adyetse kadimba ka pakhomo: thumba lakale lodzazidwa dothi ndi kubooledwa m'mbali limabala mpiru, bonongwe ndi chaina pa malo ochepa, ndipo madzi otsukira mpunga ndi ndiwo amakwanira kulithirira.

Amene ali ndi munda kumudzi ayese gawo limodzi la mtedza ndi nandolo chaka chino, chimanga chaka chamawa. Ambiri amvanso za manyowa a Mbeya, amene anafala pakati pa alimi: makilogalamu 10 a feteleza amasakanizidwa ndi gaga, phulusa, ndowe za mbuzi kapena nkhumba kapena zitosi za nkhuku, ndi madzi pang'ono, ndipo zonsezo zimamangidwa m'thumba losalowa mpweya kwa masiku 21. Motero thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu. Tichenjezane kuti matumba asanuwo sakhala ndi mphamvu ya matumba asanu a ku sitolo. Ubwino wake ndi wakuti feteleza wochepa amafika pa munda waukulu, ndipo nthaka imalandira zowola zimene feteleza yekha sapereka. Apa mpamene tifunika ana athu ophunzira, kuti atiyezere ndi kutiuza zoona.

Pomaliza, mitengo. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yobzala mitengo, ndipo Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oonongeka pofika 2030. Komatu mbande zambiri zobzalidwa pa mwambo zimafa zisanaone dzinja lachiwiri, chifukwa palibe wozipalira, wozitchinga ku mbuzi ndi moto, kapena wozithirira m'chilimwe. Kuli bwino banja libzale mitengo iwiri, papaya ndi peyala, kapena mango ndi chamwamba, ndi kupatsa mwana aliyense wake woti ausamale, kusiyana ndi kubzala zana limodzi pamaso pa alendo ndi kuiiwala.

MAU KWA ACHINYAMATA

Inu anyamata ndi atsikana, ambiri a inu mwakula ndi maganizo akuti khasu ndi chilango, ndi kuti wophunzira weniweni ndi wa tayi mu ofesi ya ku Capital Hill. Maofesi ndi ochepa, ndipo inu ndinu ambiri. Koma mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi udzafuna chakudya, madzi oyera, moto wophikira ndi wochotsa zinyalala tsiku lililonse la moyo wanu wonse. Wodziwa kuyeza dothi, kuswetsa nsomba, kufesa nazale, kulumikiza pampu ya dzuwa kapena kusandutsa zinyalala za msika kukhala chakudya cha nkhuku sadzasowa womufuna. Khomo lolowera ku yunivesite ndi mayeso a MSCE, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Chotero musathawe masamu, sayansi ndi phunziro la zaulimi. M'mera mpoyamba.

Ndipo inu amene muli kale ku Bunda ndi ku NRC, kumbukirani kuti fizi yanu yatuluka m'mandasi, m'kaunjika ndi m'matumba a makala omwewo. Pa tchuthi musabwere ndi Chingerezi chokha. Sonkhanitsani ana a sukulu ya pulaimale ya kwanu muwaonetse timatuza ta ku mizu ya mtedza. Thandizani gulu la amai kapena la achinyamata kukonza dzenje la manyowa. Fotokozerani agogo m'Chichewa chomveka zimene mwaona m'munda woyeserera. Aphunzitsi ndi makomiti a masukulu a m'madera athu nawonso akhoza kulemba kalata yopempha kuti ana a Sitandade 7 ndi 8 akaone maiwe ndi nazale zimenezi, pakuti ulendo wake ndi wa ola limodzi chabe, ndipo chimene mwana waona ndi maso saiwala msanga.

Ntchito ya ku Bunda yapita patsogolo ndithu: pali njira zoyesedwa zochiritsira nthaka, pali likulu la za nsomba limene maiko ena akutumizako ana ao, ndipo pali nzeru zatsopano zosandutsira zinyalala kukhala chakudya cha ziweto. Koma muyeso weniweni wa ntchitoyo sudzawerengedwa m'malipoti. Udzaoneka m'mtsinje wa Lilongwe mwezi wa Okutobala, m'ngalande za Kawale mvula yoyamba ikagwa, ndi m'mbale ya mwana wa ku Mgona. Mvula ya chaka chino isanayambe, banja lililonse likhale pansi madzulo amodzi, lisankhe chinthu chimodzi mwa zimene tatchulazi, ndi kutchula dzina la amene adzachiyang'anira.